Mapepala amene mmisiri wa mafiriji ndi maeyakoni ayenera kukhala nawo kuno ku Chigwa cha Shire

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, kutentha kwa ku Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje kumadumpha madigiri 40, ndipo m'masabata amenewa amisiri okonza mafiriji sapuma. Wabutchala akuopa kuti nyama imuolera, wogulitsa nsomba za ku Elephant Marsh akufuna ayezi, mwini malo ogona alendo akudziwa kuti chipinda chopanda eyakoni mlendo wochokera kumtunda sachigona kawiri. Kuchipatala nkhani imakula kuposa pamenepa, chifukwa akatemera ambiri amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo firiji ikafooka pa tsiku lotentha, katemera wa ana a dera lonse angathe kuwonongeka. Ku Dedza munthu angathe kuyendetsa golosale osaganizira kwambiri za makina oziziritsa. Kuno kuchigwa malonda ambiri ndi ntchito zachipatala zimatsamira pa makinawa.

N'chifukwa chake funso loti ndani ali ndi chilolezo chogwira makinawa likufunika kuliyankha bwino. Anthu amafunsa kuti, "Kodi bambowa ali ndi laisensi?" poganiza kuti pali pepala limodzi lomwe limatha nkhani yonse. Mapepala ake ndi angapo, amatuluka m'maofesi osiyana, ndipo lililonse limayankha funso lakelake. Lina limachitira umboni kuti munthuyo ntchito amaidziwa. Lina limamulola kugwira mawaya a magetsi. Ena amangosonyeza kuti boma likuidziwa bizinesi yake ndipo amakhoma msonkho. Munthu angathe kukhala ndi mapepala onse a bizinesi koma n'kukupherani kompuresa, yomwe ndi mtima wa firiji, pa sabata imodzi, ndipo alipo akatswiri enieni m'misika yathu amene alibe pepala ndi limodzi lomwe. Kusokoneza mapepalawa ndi kumene kumapweteketsa eni makina, komanso kumatsekera amisiri aluso ntchito zikuluzikulu.

Pepala la luso

Loyamba ndi satifiketi yosonyeza kuti munthu adaphunzira ntchitoyi ndipo adayesedwa. Amisiri achikulire ambiri ali ndi trade test, mayeso a ntchito zamanja a pansi pa unduna wa zantchito, omwe amayambira giredi 3 kukathera giredi 1, yomwe ndi yapamwamba. Achinyamata ambiri amadutsira ku TEVETA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo amakwera malevulo akuphunzira m'kalasi ndi kukagwira ntchito m'makampani mosinthanasinthana.

Koma tinene zoona, amisiri ambiri a ku Dyeratu, Nchalo kapena pa boma pa Nsanje sadalowepo m'koleji. Adaphunzira ponyamulira chikwama cha zida malume awo kapena bwana wina wa ku Limbe, ndipo ena mwa iwo amadziwa kulira kwa kompuresa yodwala asanatsegule n'komwe. TEVETA ili ndi njira yoyesera anthu otere pa luso lomwe adalipezera pantchito, kuti alandire satifiketi popanda kuyambiranso sukulu. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yomwe ingathandize chigwa chino kuposa ina iliyonse, chifukwa bambo wa ana anayi sangatseke shopu zaka zingapo kukakhala pa desiki. Chimene mayesowo amachita n'kuonetsa poyera mipata imene kuphunzira kwa pamanja kumasiya, ndipo mpata waukulu pafupifupi nthawi zonse umakhala pa gasi.

Gasi: pomwe pagona nkhani

Firiji kapena eyakoni imaziziritsa chifukwa cha gasi amene amazungulira m'mapaipi otsekeka. Kompuresa imamupanikiza, amatulutsa kutentha kunja, kenako amafutukuka mkati n'kuyamwa kutentha kwa m'chipinda kapena kwa zakudya. Gasiyo satha ngati mafuta a galimoto. Akachepa ndiye kuti pena pake paboola. Mmisiri amene amangoti "gasi watha" n'kuthira wina osafufuza pomwe akutulukira ali ngati wakabaza amene akupopa tayala lobooka osalimata: mufika pa Thabwa mwatsikanso. Mwini firiji amalipira kawiri katatu pa chaka, ndipo gasi yenseyo amathera mumlengalenga.

Apa ndi pomwe malamulo a mayiko onse amalowera m'shopu ya mmisiri wa ku Bangula. Mu 1987 mayiko adagwirizana ku Montreal, m'dziko la Canada, kuti athetse mipweya yowononga ozoni, mpweya umene uli kumwamba kwambiri ndipo umatchinga cheza choopsa cha dzuwa, chomwe chimayambitsa khansa yapakhungu ndi ng'ala m'maso. Kwa abale athu achialubino, amene dzuwa la kuno limawazunza kale, nkhaniyi si yakutali. Malawi adalowa m'panganoli mu 1991. Gasi wa R-12, yemwe ankathiridwa m'mafiriji akale, mayiko ongotukuka kumene adayenera kusiyiratu kumupanga ndi kumuitanitsa pofika 2010. Wotsatira ndi R-22, amene adakali m'maeyakoni ambiri akale a m'maofesi ndi m'malo ogona alendo. Mlingo wake wololedwa m'mayiko amenewa udaimitsidwa kukwera mu 2013, udadulidwa ndi 10 peresenti mu 2015, ndi 35 peresenti mu 2020, ndi 67.5 peresenti mu 2025, ndipo pofika 2030 kudzangotsala kochepa kwambiri kokonzera makina akale.

Magasi amene adalowa m'malo mwa amenewa sawononga ozoni, koma adapezeka ndi vuto lina: amatenthetsa dziko koopsa. Kilogalamu imodzi ya R-134a, wa m'mafiriji ambiri ndi m'maeyakoni a galimoto, imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a mpweya wa kaboni. R-410A wa m'maeyakoni a pakhoma amafika 2,088, ndipo R-404A wa m'zipinda zozizira za mabutchala ndi masitolo amafika 3,922. Choncho mu 2016, ku Kigali m'dziko la Rwanda, panganolo lidawonjezeredwa kuti magasi amenewanso achepetsedwe, ndipo Malawi adavomereza mu 2017. Kwa mayiko ongotukuka kumene a gulu limene muli Malawi, mlingo udaimitsidwa kukwera mu 2024, uyamba kudulidwa ndi 10 peresenti mu 2029, mpaka kufika 80 peresenti mu 2045. Silinda imodzi yotayidwa ku Nchalo siingabweretse namondwe, koma ife amene tidaona namondwe wa Ana akugumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, n'kuonanso Freddy mu Malichi 2023, sitiyenera kuchita kuuzidwa kuti kutentha kwa dziko kumagwera ndani poyamba.

Pangano limeneli limalamula dziko lililonse kukhala ndi dongosolo la zilolezo pa magasiwa. Kuno kwathu, wofuna kuitanitsa gasi wolamulidwa kuchokera kunja ayenera kupeza chilolezo ku nthambi ya boma yoona za chilengedwe, komwe kuli ofesi yapadera ya za ozoni, ndipo amapatsidwa mlingo woti asapitirire. A MRA pachipata amafuna kuona chilolezocho. Mmisiri wamba amene amagula silinda imodzi ku Blantyre safunika chilolezo choitanitsira, koma zimamukhudza m'njira ziwiri. Choyamba, mtengo wa R-22 ungokwerabe pamene mlingo ukuchepa. Chachiwiri, katundu akasowa, wachinyengo amachuluka. Boma la Nsanje lazunguliridwa ndi Mozambique mbali zitatu, ndipo silinda yopanda chizindikiro chomveka, yotsika mtengo modabwitsa, iyenera kukayikiridwa kulikonse komwe yachokera. Mu 2011 makontena oziziritsa a pa sitima zapamadzi adaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, anthu n'kufa, ndipo kudapezeka kuti m'makinamo mudathiridwa gasi wachinyengo wosakaniza ndi R-40, yemwe amadya aluminiyamu wa mu kompuresa n'kupanga zinthu zoyaka zokha zikakumana ndi mpweya. Pa silinda padalembedwa R-134a.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti magasi atsopano, omwe ndi abwino ku chilengedwe, amayaka moto. Mafiriji ambiri a m'nyumba amene akugulitsidwa lero ali ndi R-600a, mafiriji a zakumwa ndi maeyakoni ena ali ndi R-290, ndipo onse awiri ndi achibale a gasi wophikira. R-32 wa m'maeyakoni atsopano amayakanso, ngakhale pang'ono. Mmisiri amene adaphunzira pa R-12 ndi R-22, omwe sayaka mwachisawawa, adazolowera kuyatsa moto wowotcherera paipi popanda kuda nkhawa. Chizolowezi chomwecho pa firiji ya R-600a, m'kashopu kotsekeka kofolera malata, chingathe kumuwotcha nkhope. Gasi wotere amalemera kuposa mpweya, choncho akatuluka amakhala pansi, ndipo kamoto ka pa switchi kapena ndudu ndi kokwanira.

Pali zinthu zingapo zimene mmisiri wophunzitsidwa amachita mosaganizira n'komwe, ndipo mwini makina angathe kuziona ndi maso. Amawerenga kachikwangwani ka pa kompuresa kuti adziwe mtundu wa gasi ndi kulemera kwake, kenako amathira poyeza pa sikelo, chifukwa firiji ya m'nyumba ya R-600a kawirikawiri imalowa magalamu osakwana 100, ndipo kupyola pang'ono kumaisokoneza. Pofufuza poboola amapopera nayitrojeni, osati okosijeni wa owotcherera zitsulo, pakuti okosijeni akakumana ndi oyilo wa mu kompuresa pa mphamvu yaikulu amaphulika. Asanathire gasi amayamwa mpweya ndi chinyezi ndi pampu ya vakyumu, chifukwa chinyezi chotsalira chimaundana n'kutseka kapaipi kakang'ono, ndiponso chimapanga asidi amene amadya mawaya a mota. Gasi wakale amamukokera mu silinda m'malo momutayira kumwamba. Sasakaniza magasi, chifukwa ngakhale oyilo wa makina a R-22 ndi wosiyana ndi wa makina a R-410A, ndipo R-410A amagwira ntchito pa mphamvu yoposa ya R-22 ndi pafupifupi theka, moti amafuna mageji akeake. Ndipo sathira gasi wophikira mu firiji, ngakhale akhale wotsika mtengo chotani, chifukwa si woyeretsedwa ndipo makina amene sadapangidwire gasi woyaka alibe chitetezo pa zida zake zamagetsi.

Ofesi ya za ozoni imachititsa maphunziro a amisiri pa kagwiridwe kabwino ka magasiwa, ndipo satifiketi ya maphunziro oterowo, kwa ine, ndi pepala limene mwini butchala kapena woyang'anira chipatala ayenera kufunsa poyambirira. Mayiko ena adafika poikhwimitsa nkhaniyi. Ku America munthu saloledwa kugula magasi ambiri a mtunduwu popanda satifiketi yovomerezedwa ndi EPA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Ku South Africa wogwira ntchito ya gasi woziziritsa amayenera kulembetsa ku SAQCC Gas, bungwe lolembetsa amisiri a gasi, n'kumayenda ndi khadi. Achinyamata athu amene amapita ku Johannesburg ndi luso la m'manja lokha amakakumana ndi khoma limeneli, n'kumagwira ntchito pansi pa dzina la munthu wina pa malipiro ochepa.

Kudziwa nyengo ya kuno ndi mbali ya luso lomweli. Firiji iliyonse ili ndi chilembo chosonyeza kutentha komwe ingapirire: N imathera pa madigiri 32, ST pa 38, T pa 43. Firiji ya N imene imagwira bwino ntchito ku Zomba, ikabwera ku Ngabu kompuresa yake siipuma mpaka imapsa. Maeyakoni alinso ndi magulu, ndipo a T3 ndi amene adapangidwira mayiko otentha kwambiri. Wogulitsa m'sitolo sangakuuzeni zimenezi ngati simunafunse. Mmisiri wodziwa amakuuzani musanagule, ndipo mbali yakunja ya eyakoni amaiika pamthunzi, podutsa mphepo, komanso pamwamba ndithu m'madera amene madzi osefukira amafika.

Magetsi

Satifiketi ya mafiriji siipereka chilolezo chokoka mawaya m'nyumba. Ntchito yoika mawaya imayang'aniridwa ndi MERA, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004, ndipo limapereka zilolezo kwa amisiri a magetsi m'magulu, malinga ndi kukula kwa ntchito imene munthu angaigwire. Kulumikiza firiji pa soketi yomwe ilipo kale si nkhani. Koma eyakoni ya 18,000 kapena 24,000 BTU (muyezo wa mphamvu yake yoziziritsa) imafuna waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabureka, wa kukula koyenera, bureka yakeyake, ndi waya wapansi wogwira bwino ntchito. Imeneyo ndi ntchito ya munthu wa chilolezo cha MERA. Mmisiri wa maeyakoni amene alibe chilolezochi ayenera kuyenda ndi mnzake amene ali nacho, ndipo zimenezi sizimutsitsa ulemu.

Kuba magetsi a eyakoni pa soketi ya wailesi kumatenthetsa waya m'denga, pomwe palibe akuona, m'nyumba imene malata ake atentha kale. Magetsi akamazimazima kapena akabwera ofooka, kompuresa imavutika kudzuka, imakoka mphamvu yambiri n'kupsa. Kachipangizo kochedwetsa makina kuyaka kwa mphindi zingapo magetsi akabwerera kamapulumutsa ndalama zambiri, ndipo mmisiri wabwino amakatchula yekha. Amene akuika makinawa pa sola kapena jenereta ayeneranso kudziwa kuti kompuresa ya mtundu wakale imakoka mphamvu yochuluka kangapo pa nthawi yodzuka kuposa pamene ikuyenda.

Za kutenthetsa nyumba, zomwe kumayiko ozizira zimayendera limodzi ndi ntchito ya maeyakoni, kuno sizitikhudza. Zotenthetsa zomwe tili nazo ndi magiza a madzi osamba, omwe amafuna wamagetsi wachilolezo ndi vavu yotulutsa mphamvu ikachuluka, komanso maboila a nthunzi monga a pa fakitale ya shuga ku Nchalo. Maboila ali pansi pa lamulo la chitetezo ndi umoyo wa pantchito la mu 1997, amayenderedwa mwapadera, ndipo si ntchito yoti mmisiri wa mafiriji n'kuiyesa.

Mapepala a bizinesi ndi a ukontrakitala

Awa ndi osavuta kuwamvetsa, ngakhale amadya nthawi ndi ndalama. Dzina la bizinesi kapena kampani limalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi makampani, nambala ya msonkho ya TPIN imachokera ku MRA, ndipo laisensi yochitira malonda pamalo imatengedwa ku khonsolo, ya Chikwawa kapena ya Nsanje, n'kumaikonzanso chaka ndi chaka. Palibe limodzi mwa mapepalawa limene limanena kanthu za luso la munthu. Laisensi ya khonsolo yopachikidwa pakhoma imangotanthauza kuti shopuyo ndi yololedwa kutsegula.

Amene akufuna kukwera kuchoka pa kukonza mafiriji a m'makomo kufika pa kuika maeyakoni m'nyumba zomangidwa kumene, zipinda zozizira kapena mochale, akulowa m'ntchito ya zomangamanga. Kumeneko kuli bungwe limene ambiri tidalizolowera ndi dzina la NCIC, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1996 ndipo tsopano likutchedwa CIRA. Limalembetsa makontrakitala potengera mtundu wa ntchito ndi kukula kwa ndalama za kontrakiti imene angaisenze, ndipo limayang'ana anthu ophunzira amene kampani ili nawo, zida ndi ntchito zimene idagwirapo. Apa ndi pomwe satifiketi ya luso ija imasanduka ndalama, chifukwa popanda munthu wa pepala pa kampani, kulembetsa kumavuta. Wofuna ntchito za boma ayeneranso kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, ndi kukhala ndi kalata ya MRA yosonyeza kuti alibe ngongole ya msonkho. Akalemba anyamata ntchito, lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pantchito la mu 2000 limamukhudza, ndipo pa ntchito ya moto, makwerero ndi magetsi ngati imeneyi, kuvulala si nkhani yongoyerekeza.

Zotsatira za kusowa mapepalawa timaziona. Ntchito yaikulu ikatuluka kuchigwa kuno, kawirikawiri imapita kwa kampani ya mumzinda, yomwe imatsika zitunda, kuika makina n'kubwerera. Makinawo akafooka mu Novembala, woyang'anira amadikira galimoto yochokera ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 180 ngati ali ku Nsanje, pamene mmisiri wodziwa ali pamsika pomwepo, koma sangalipidwe ndi ndalama za boma chifukwa sali m'kaundula. Sindikuona kuti yankho ndi kufewetsa malamulo, chifukwa gasi woyaka sasankha kuti uyu ndi wa kumudzi. Chofunika n'chakuti mayeso ndi maphunziro azitsikira kuno, ku Ngabu kapena ku Nchalo, m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi pamene ntchito yachepa, m'malo moti mmisiri aliyense azilipira yekha thiransipoti ndi malo ogona mumzinda. Amisiri nawonso angathe kuphatikizana atatu kapena anayi, wina wa satifiketi ya mafiriji, wina wa chilolezo cha MERA, n'kulembetsa kampani imodzi. Pampu ya vakyumu, makina okokera gasi ndi silinda ya nayitrojeni n'zodula kwa munthu mmodzi, koma gulu lingathe kuzigula.

Kwa mwini makina, kuchuluka kwa mapepala oti mufunse kumadalira kukula kwa ntchito. Pa firiji ya m'nyumba, funsani za maphunziro a gasi, ndipo onani ngati wabwera ndi sikelo ndi pampu ya vakyumu. Pa eyakoni yatsopano, funsaninso kuti mawaya akoka ndani. Pa chipinda chozizira, chipatala kapena malo ogona alendo, funsani zonse, ndipo musachite manyazi kujambula mapepalawo pa foni. Pa lisiti alembepo mtundu wa gasi amene wathira, kulemera kwake, pomwe panaboola ndi masiku amene akulonjeza kuti akabwereranso mwaulere vuto likayambiranso. Mmisiri wotsatira adzadziwa pomwe angayambire, ndipo sadzathira gasi wina pamwamba pa wosadziwika.

Amene muli ndi maeyakoni a R-22 muli ndi chisankho choti muchite zaka zikubwerazi. Ngati makinawo sakutaya gasi, asiyeni agwire ntchito, muzingotsuka mafyuluta ndi makoyilo, omwe fumbi la kuno limawatseka msanga. Ngati akutaya chaka chilichonse ndipo kompuresa yayamba kufooka, ndalama zothira gasi amene akusowa ndi bwino kuzisunga kuti mugule makina atsopano a T3. Wina akakuuzani kuti angothiramo R-290 m'makina akalewo chifukwa "amagwira chimodzimodzi", kanani, makamaka ngati ndi m'chipinda chogona anthu, chifukwa eyakoni imalowa gasi wochuluka kwambiri kuposa firiji, ndipo zida zake zamagetsi sizidapangidwe kuti zikumane ndi gasi woyaka.